Galu asanatengedwe magazi: adye liti, asale nthawi yaitali bwanji

Magazi a galu wanga atazunguzidwa pamakina, madzi oyandama pamwamba m'kabotolomo anatuluka ngati mkaka wa m'tiyi. Dokotala wa ziweto anakakweza kabotoloko powala kuti ndione, n'kundiuza kuti madzi amenewo amafunika kuonekera mpaka kuseri, achikasu pang'ono ngati udzu wouma. Anafunsa zomwe galuyo anadya m'mawa umenewo. Ine ndinayankha ndi mtima wonse kuti sanalawe kanthu. Nditafika kunyumba ndi pomwe ndinamva kuti mlonda anamupatsa zotsala za pachiwaya chakum'bandakucha. Sanalakwe iye, chifukwa palibe anamuuza. Tinabwereranso patapita masiku awiri, galu anabayidwanso, ndalama inatulukanso, ndipo matenda omwe tinkafufuzawo anapeza masiku awiri oonjezera.

Ndiye ndikufuna ndikuyendetseni m'zimene ndimachita tsopano, kuyambira dzulo lake mpaka zotsatira zitatuluka.

Yambani ndi kuimba foni

Musaganize nokha kuti galu asale. Funsani dokotala wa ziweto mafunso atatu: akayeza chiyani, galu asale maola angati, nanga mankhwala omwe amamwa tsiku ndi tsiku amwe kapena adikire. Pa kuyeza kwa chiwindi, impso, shuga ndi mafuta a m'magazi, madokotala ambiri amanena maola 8 mpaka 12 opanda chakudya. Ine ndimatenga 12, chifukwa ndi pamene mafuta a chakudya chomaliza amakhala atachoka m'magazi a galu wathanzi.

Koma si kuyeza konse komwe kumafuna kusala. Matenda obwera ndi nkhupakupa, omwe ndi amene amatifikitsa ambiri a ife kuchipatala cha ziweto, amaoneka ngakhale galu atadya. Tizilombo ta Babesia dokotala amationa pa kadontho ka magazi kopakidwa pagalasi, kawirikawiri kochokera kunsonga ya khutu. Ehrlichia nayenso amayezedwa popanda kusala. Chimodzimodzi kuyeza ngati magazi achepa m'thupi.

Ndipo galu akadwalika mwadzidzidzi, nkhama zayera, mkodzo wafiira, akusanza osaleka, wagundidwa ndi galimoto kapena mukukayikira kuti wadya poizoni, za kusala ziiwaleni. Mnyamuleni pompo. Dokotala adziwa mmene angawerengere magazi a galu wokhuta, bola mumuuze kuti wadya.

Agalu omwe simuyenera kuwamana chakudya mwa nzeru zanu

Apa ndichedwapo, chifukwa kulakwitsa kwa pano kumatha kupha.

Tiana ta agalu, makamaka tosakwana miyezi inayi, tilibe nkhokwe yokwanira ya shuga m'chiwindi. Timatha kugwa m'maola ochepa chabe. Chimodzimodzi mitundu ing'onoing'ono ngati Chihuahua, Yorkshire Terrier ndi Maltese, komanso galu wa bere kapena woyamwitsa. Kwa amenewa dokotala amafupikitsa nthawi, mwina maola ochepa okha, kapena amangoti adye monga mwa masiku onse. Mukaona kagalu kakunjenjemera, kakudzandira ngati koledzera, maso ali gwa, pakani uchi kapena shuga wosungunula pankhama ndi chala, kenako thamangani nako kuchipatala. Osathira madzi m'kamwa mwa galu wokomoka, angatsamwe nawo n'kulowa m'mapapo.

Galu wa matenda a shuga, wobayidwa insulini, ndiye ali pachiopsezo koposa. Insulini imatsitsa shuga kaya m'mimba muli chakudya kaya mulibe. Kumubaya mlingo wonse galu asanadye ndiye kumukankhira kukomoka. Funsani mwachindunji kuti adye nthawi yanji, abayidwe mlingo wanji, ndipo lembani yankho papepala. Musadalire kukumbukira m'mawa muli mothamanga.

Madzulo ake

Tinene kuti mwapangana 8 koloko m'mawa. Chakudya chomaliza chithe pofika 8 koloko usiku. Ngati amadya 6 koloko madzulo monga agalu ambiri, palibe vuto, maola 14 savulaza galu wamkulu wathanzi. Chomwe sindikufuna ndi choti mumusalitse tsiku lathunthu poganiza kuti mukuthandiza. Njala yaitali nayonso imasintha magazi, ndipo agalu ena m'mimba mukakhala mopanda kanthu nthawi yaitali amasanza ndulu yachikasu.

Mpatseni zomwe amadya masiku onse, mlingo wa masiku onse. Mtima umatiuza kuti poti mawa sadya kadzutsa, lero akhute bwino, ndiye timamuthirira msuzi wa mang'ina, khungu la nkhuku, mafuta otsala mu poto. Imeneyo ndiye njira yopangira mkaka uja m'kabotolo. Chakudya chamafuta ambiri chimachedwa kuchoka m'mimba, ndipo mafuta ake amachedwa kuchoka m'magazi. Ngati amadya phala la madeya losakaniza usipa, ndi lomwelo. Ngati amadya chakudya chogula m'thumba, ndi chomwecho.

Akamaliza, chotsani mbale. Kenako yendani pabwalo ndi maso a galu. Mkute wosiyidwa pakhonde la kukhitchini, makoko onyikidwa mu mphika, madeya a nkhuku, mbale ya mphaka, dzala losakwirira, fupa lomwe anakwirira kuseri kwa bafa sabata yatha. Galu wanjala amazikumbukira zonsezi kuposa inu. Ngati ndi galu woyendayenda usiku, wodumpha mpanda kukanunkhiza kwa aneba, usiku umenewu agone m'khola kapena pamalo otsekeka. N'zoona kuti usiku umodziwo pakhomo pakhala popanda mlonda wa miyendo inayi, koma palibe njira ina yodziwira kuti sanadye.

Tsopano uzani aliyense, mmodzimmodzi. Ana, wantchito, mlonda, agogo, mlendo wogona. Uzani ndi chifukwa chake, popeza munthu akangomva kuti "musam'patse chakudya" amaona ngati ndi nkhanza, ndipo galu akamuyang'ana ndi maso achisoni amamuponyera kanthu mobisa. Kachidutswa ka mandasi, kanyenyeswa ka buledi wopaka majarini, mkaka pang'ono, fupa lotafuna, zonsezi ndi chakudya.

Madzi akhalepo usiku wonse

Anthu ambiri akamva kusala amachotsa ndi madzi omwe. Musatero. Galu wopanda madzi m'thupi magazi ake amakhuthala, ndiye manambala a maselo ofiira ndi mapuloteni amakwera, urea ndi creatinine, zinyalala zomwe impso zimachotsa m'magazi, nazonso zimakwera, n'kumaoneka ngati impso zikulephera pomwe zili bwino. Choopsa china n'chakuti galu yemwe magazi ake achepa amatha kuoneka ngati ali bwino, chifukwa kukhuthalako kwabisa kuchepako. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kumadera otentha ngati ku Chikwawa, Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja, usiku umodzi wopanda madzi ndi wokwanira kusokoneza zotsatira. Komanso mtsempha wa galu wouma umavuta kuupeza, ndiye amabayidwa kangapo.

Madzi ake akhale madzi enieni, osathira msuzi kapena mkaka. Ngati magaziwo akutengedwa pokonzekera opaleshoni, monga kufula kapena kutseka kuti asaberekenso, dokotala akuuzani nthawi yochotsera madzi. Tsatirani zimenezo.

M'mawa wa tsikulo

Mankhwala choyamba. A khunyu ngati phenobarbital ndi a mtima kawirikawiri sadumphitsidwa, ndipo n'chifukwa chake munafunsa kale pafoni. Ngati galu wanu samwa piritsi popanda kulibisa m'chakudya, funsaninso zimenezo. Nthawi zambiri kambamu ka nsima kochepa ngati nsonga ya chala sikaononga kanthu, pomwe soseji kapena majarini zimaononga. Galu womwa mankhwala a chithokomiro, levothyroxine, magazi ake amatengedwa maola 4 mpaka 6 atamwa piritsi, ndiye nthawi ya piritsi igwirizane ndi nthawi ya kuchipatala.

Musamuthamangitse. Kuthamanga kwambiri kumakweza CK ndi AST, zomwe zimatuluka m'minofu yotopa, ndipo dokotala angayambe kufunafuna vuto lomwe palibe. Ngati mulibe galimoto ndipo muyenda wapansi, nyamukani kusanatenthe, yendani pang'onopang'ono, tengani botolo la madzi, ndipo mukafika mpumitseni pamthunzi. M'njira gwirani chingwe mwachifupi, chifukwa m'mbali mwa msewu muli mafupa ndi zotaya za pamsika, ndipo galu amameza musanaphethire. Mantha nawonso amagwedeza manambala a maselo oyera ndi ofiira kwa kanthawi. Mukakhala pafupi naye, mukumulankhula ndi mawu omwe anawazolowera, zimathandiza.

Ikani chakudya chake m'kachikwama kuti adye akangomaliza, koma chikhale chotseka bwino.

Kuchipatala, nenani zonse

Ngati galu waba kanthu m'mawa, nenani. Palibe wokudzudzulani, ndipo dokotala asankha yekha: kudikira maola angapo, kubwera mawa, kapena kuyeza zokhazo zomwe chakudya sichizikhudza. Nenani nthawi yomwe anadya komaliza, zomwe anadya, ndi zomwe amadya masiku onse. Nenaninso mankhwala alionse a masabata apitawa, ngakhale odzola kapena odontheza m'khutu. Prednisolone ndi anzake amakweza ALP, imodzi mwa manambala oyezera chiwindi, mwa agalu kwambiri, phenobarbital nayenso amatero, ndipo munthu wosadziwa angaganize kuti chiwindi chaonongeka.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe dokotala amalimbikira mafunso amenewa, onani zomwe chakudya chimachita chikalowa.

Mafuta akagayidwa m'matumbo amalowa m'magazi ngati timadontho ting'onoting'ono kwambiri. Timachuluka pakati pa maola 2 ndi 6 galu atadya, kenako timachepa pang'onopang'ono. Madokotala amati lipemia. Vuto lake lili pa mmene makina ambiri a mulabotale amagwirira ntchito: amaunika kuwala kudutsa m'madzi a magazi n'kuwerenga kuchuluka kwa kuwala komwe kwatulukira mbali inayo. Madzi akakhala a mbuu, kuwala kumabalalika, makina n'kuwerenga zabodza. Bilirubin, yemwe amakwera pa matenda a chikasu, amaoneka wokwera. Hemoglobin, yomwe imanyamula mpweya m'maselo ofiira, imaoneka yambiri kuposa mmene ilili. Mapuloteni amaoneka ochuluka. Pamakina ena sodium amaoneka wotsika. Pamwamba pa izo, mafutawa amafewetsa khungu la maselo ofiira, maselowo n'kumaphulika m'kabotolo, madzi aja n'kusanduka ofiirira, n'kuononganso manambala ena. Taganizirani galu yemwe akuganiziridwa matenda a nkhupakupa, pomwe bilirubin ndi hemoglobin ndiye manambala ofunika kwambiri, ndipo onse awiri anama.

Nyama imachita zake. Galu akadya nyama yambiri, chiwindi chimasandutsa mapuloteni otsala kukhala urea, ndipo urea amakwera kwa maola angapo. Nyama yophika imakwezanso creatinine pang'ono, ndipo phosphorus naye amatha kukwera galu akangodya. Atatuwa ndi omwe dokotala amayang'ana pofuna kudziwa za impso. Galu wachinyamata wathanzi kukwera kwake kumakhala kochepa, koma galu wokalamba yemwe manambala ake ali kale m'malire, chakudya chimodzi chimatha kumuolotsa mzere n'kumutcha wodwala impso.

Palinso mbali ina yomwe imakhudza agalu athu ambiri. Galu wokulira pa nsima ndi madeya, woona nyama mwa apo ndi apo, urea wake amatha kukhala wotsika. Urea wotsika amapezekanso mwa galu yemwe chiwindi chake chikulephera. Dokotala akadziwa kuti galuyo amadya chiyani, sangasokoneze ziwirizi. Ndiye musachite manyazi kunena kuti amadya mkute ndi mitu ya usipa. Ndi uthenga womwe dokotala akuufuna.

Shuga wa galu wathanzi wosadya amakhala chapakati pa 3.5 ndi 6.5 mmol/L, kutengera labotale. Akadya amakwerako, koma osati kufika pa manambala a matenda a shuga, omwe amapitirira 10 kapena 12 mpaka shuga kuyamba kutulukira mumkodzo. Chovuta ndi manambala a pakatikati, ngati 7 kapena 8, omwe sungadziwe ngati ndi phala la m'mawa kapena chiyambi cha vuto. Pakakhala chikaiko chotero pali kuyeza kwina kotchedwa fructosamine, komwe kumaonetsa mmene shuga wakhalira pa masabata awiri kapena atatu apitawo, ndipo sikusintha ndi chakudya cha tsiku limodzi.

Pamene dokotala amafuna galu adye

Kuyeza kwa bile acids, timadzi ta mu ndulu, kumadabwitsa eni agalu ambiri, chifukwa amauzidwa kuti galu asale koma abwere ndi chakudya. Kumayenda chonchi. Galu amasala maola 12, amatengedwa magazi oyamba, amapatsidwa chakudya chochepa pomwepo, masupuni owerengeka chabe, kenako pakatha maola 2 amatengedwa magazi achiwiri. Chakudyacho chimafinya ndulu kuti itsanulire madzi ake m'matumbo. Matumbo amayamwanso timadzi timeneti n'kutitumiza kuchiwindi, ndipo chiwindi chabwino chimatichotsa m'magazi msanga. Tikapezeka tambiri pa magazi achiwiri, ndiye kuti chiwindi chikufooka, kapena pali mtsempha womwe ukulambalala chiwindi, vuto lomwe tiagalu tina timabadwa nalo. Ntchito zanu apa ndi ziwiri. Musaonjezere chakudya pomumvera chisoni, chifukwa mafuta akachuluka aononga magazi achiwiriwo. Ndipo sungani nthawi, maola awiriwo awerengedwe kuchokera pomwe wamaliza kudya. Ndi bwino kungodikira pafupi ndi chipatala m'malo mopita kukagula zinthu m'tauni n'kukodwa mumzere wa magalimoto.

Galu wa matenda a shuga akamayezedwa ngati insulini ikugwira bwino, amadya ndi kubayidwa monga mwa masiku onse, kenako amatengedwa kadontho ka magazi maola awiri alionse kwa tsiku lonse. Tsiku limenelo musasinthe chakudya kapena mlingo wake, chifukwa cholinga ndi kuona tsiku lake lenileni.

Koma kusala kokhwima kumafunika pa kuyeza kapamba kotchedwa TLI, komwe nthawi zambiri kumayendera limodzi ndi vitamini B12 ndi folate. Eni ake a German Shepherd amve bwino apa, popeza mtundu umenewu umakonda kudwala kapamba wolephera kupanga timadzi togayira chakudya. Galu amadya ngati sanadyepo, koma nthiti zili pamtunda, chimbudzi chambiri, chotuwa, chonunkha. Akayezedwa atangodya, nambala imakwera ndipo matenda amatha kubisala.

Ngati magaziwo akupita kutali

Si zipatala zonse za ziweto zomwe zili ndi makina. Nthawi zina magazi amatengedwa kumudzi kapena ku ofesi ya zaulimi n'kutumizidwa kutauni, mwina ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe kapena kulabotale ina. Maselo m'kabotolo amakhala akadali amoyo ndipo amapitiriza kudya shuga, mwina mpaka gawo limodzi mwa magawo 10 pa ola lililonse, ndipo kukatentha amadya mofulumira. Magazi oyenda theka la tsiku m'minibasi amafika akuonetsa shuga wotsika kwambiri pomwe galu ali pakhomo akugwedeza mchira. Funsani ngati azunguzidwa ndi kulekanitsidwa asananyamuke, kapena ngati aikidwa m'kabotolo ka chivindikiro chotuwa komwe kamaletsa maselo kudya shuga. Ngati ndinu mukuwanyamula, akhale m'kabokosi kozizira, koma kabotolo kasakhudzane ndi ayisi, kulungani kansalu. Magazi athunthu akaundana maselo amaphulika. Pakabotolo palembedwe nthawi yomwe atengedwa.

Akamaliza

Mpatseni madzi, kenako theka la chakudya chake, chotsalacho pakapita kanthawi. Galu wamkulu wa chifuwa chakuya asameze mbale yodzaza mwaphuma n'kuyamba kuthamanga. Ngati anapatsidwa mankhwala ogonetsa, dikirani mpaka adzuke bwinobwino n'kuyenda osadzandira.

Pemphani pepala la zotsatira, kapena lijambuleni pafoni. Pambali pa nambala iliyonse pamakhala malire a labotale imeneyo, ndipo malirewa amasiyana labotale ndi labotale, ndiye musayerekeze ndi zomwe mwaona pa intaneti. Mwana wa galu amakhala ndi ALP ndi phosphorus wokwera chifukwa mafupa akukula, zimenezo si matenda. Yang'anani ngati papepalapo palembedwa kuti magazi anali a mafuta kapena ophulika maselo. Ngati palembedwa, funsani dokotala kuti ndi manambala ati omwe tingawakhulupirire ndi ati ofunika kubwereza musanayambe kugula mankhwala.

Nanga galu atasaladi maola 12, inu muli ndi chitsimikizo, koma madzi a magazi n'kutulukabe ngati mkaka? Pamenepo mkakawo ndiye uthenga weniweni. Umaloza ku matenda a shuga, chithokomiro chofooka, matenda a Cushing (thupi kupanga timadzi ta cortisol tochuluka) kapena kutupa kwa kapamba, ndipo mitundu ina ngati Miniature Schnauzer imatengera vutoli kumtundu. Dokotala angathe kutsata njira imeneyi pokhapokha akakhulupirira kuti galuyo sanadyedi.

Pakafunika kuyezanso pakatha mwezi kapena miyezi itatu, monga zimakhalira ndi impso ndi chiwindi, bwerezani zonse mofanana: chakudya chomwecho madzulo, maola omwewo osala, nthawi yomweyo m'mawa, labotale yomweyo ngati n'kotheka. Ine ndimalemba kuseri kwa khadi la katemera wa chiwewe tsiku, ola lomwe anadya komaliza, zomwe anadya ndi mankhwala omwe anamwa, ndipo khadilo limapita nafe ulendo uliwonse.